Makalata a Nehemiya ndi visa ya pa intaneti



Sabata ino ndakhala ndikusinkhasinkha mutu wachiwiri wa buku la Nehemiya. Ambirife timaukumbukira chifukwa cha pemphero lalifupi limene munthu wa Mulunguyu anapemphera chamumtima ataima pamaso pa mfumu Aritasasta. Koma tikawerenga ndime 6 mpaka 9 timapeza china chimene ife olalikira sitikonda kuchedwapo. Atatha kupemphera, Nehemiya anapempha makalata. Anafuna kalata ya kwa akazembe a kutsidya kwa mtsinje kuti asamutsekereze panjira, ndi ina ya kwa wosunga nkhalango ya mfumu kuti apatsidwe mitengo yomangira. Mfumu itamufunsa za kutalika kwa ulendo wake, iye anatchula nthawi. Kumene akupita, chimene akukachita, masiku amene akakhaleko, amene wamuloleza: mafunso a pa fomu ya visa lero ndi omwewa. Chasintha n'chakuti kalatayo siilembedwanso ndi mlembi wa mfumu. Mumailemba nokha pa foni kapena pa kompyuta, ndipo mukalakwitsa palibe wokutsinani khutu.

Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tinazolowera malire opepuka. Pa Marka munthu amawoloka kupita ku Vila Nova kukalira maliro a amalume ake n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Ku Mozambique Mmalawi safuna visa pokacheza, ndipo ku South Africa amatilola masiku 30 popanda visa. N'chifukwa chake mawu akuti visa amatimvekera ngati nkhani ya anthu a m'tauni. Koma matenda sasankha mudzi. Zaka zino tawona akhristu athu, aphunzitsi opuma, ogwira ntchito ku nzimbe ku Nchalo, akutumizidwa ku India chifukwa cha impso, mtima kapena khansa. Dziko la India limalola Amalawi kupempha visa pa intaneti, ndipo pomwepa ndi pamene ndalama zosonkhedwa ndi abale, ndi a Mvano, ndi chopereka chapadera cha mumpingo, zimatha kutayika pa chilembo chimodzi.

Ndinaziwona ndi maso anga kwa banja lina la mumpingo mwathu, limene sindilitchula. Bambo anadwala, mbuzi zinagulitsidwa, ng'ombe ziwiri zinapita kumsika, chipatala cha ku India chinatumiza kalata ndi tsiku. Mayi anapita kwa mnyamata wina wolemba ndi kusindikiza makalata pamalo ena ochitira malonda. Pasipoti anali ataisiya kunyumba poopa kuitaya, choncho mnyamatayo anakopera dzina kuchokera m'buku la kuchipatala. M'bukumo dzina la bamboyo linali ndi L pamene mu pasipoti muli R. Visa inatuluka bwinobwino, ndipo tinayamika Mulungu kumlaga. Mwana wawo wamkazi, pofika kuchokera ku Zomba kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, ndiye anaika mapepala awiriwo pamodzi n'kuwona kuti dzina la pa visa si la mwini pasipoti. Visa yotereyi ikatuluka siikonzedwa, ndipo ndalama yake siibwezedwa. Anapempha ina, analipiranso, tikiti anaisintha ndi chindapusa, ndipo wodwalayo anadikira milungu ina iwiri m'kutentha kwa mwezi wa Okotobala, kumene inu nonse mukukudziwa.

Owerenga Baibulo akumbukira Oweruza 12, pamadooko a Yordano, pamene Aefraimu othawa anazindikirika chifukwa lilime lawo linkalephera kutchula bwino chiyambi cha mawu amodzi. Sindikuti a m'maofesi a visa ndi ankhanza ngati asilikali a Yefita. Koma makina amene amawerenga pasipoti sadziwa kuti kwathu kuno L ndi R timangowasinthanitsa popanda mlandu, kuti Maliya ndi Maria ndi mayi mmodzi, kuti munthu ali ndi dzina la ubwana, la ubatizo, la kusukulu ndi la kwa mwamuna wake. Ife akulu a mpingo timadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, pakuti timasunga kaundula. Munthu mmodzi yemweyo mumamupeza atalembedwa mwina m'kaundula wa ubatizo, mwina pa chiphaso cha unzika chimene ambiri tinalembetsa mu 2017, mwinanso pa kalata ya ukwati. Kumpingo timamudziwa nkhope, timamulandira ku mgonero. Pa bwalo la ndege nkhope yokha siikwana.

Choncho lamulo loyamba ndi ili: pasipoti ikhale yotsegula patebulo pamene fomu ikulembedwa, ndipo chilembo chilichonse chichokere m'menemo. Ngakhale a ofesi analemba dzina lanu mosiyana ndi mmene amayi anu ankalitchulira, pa fomu lembani la mu pasipoti. Pansi pa tsamba la chithunzi pali mizere iwiri ya zilembo ndi manambala. Imeneyo ndiyo makina amawerenga. Amene maina awo ali ndi ng' adzawona kuti m'mizere imeneyo kachizindikiro kapamwamba kaja mulibe, ndipo fomu ikakakana musalimbane nayo. Samalani malo a dzina la makolo ndi malo a dzina lanu, asasinthane. Samalani tsiku ndi mwezi wobadwira, pakuti 3/11 ndi 11/3 ndi anthu awiri. Pa nambala ya pasipoti, ziro ndi chilembo O zimafanana ngati mapasa. Mukatha, wina amene sanalembe nawo awerenge mokweza, inu mukutsatira ndi chala.

Pasipoti yomweyo iyenera kukhala ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala kuyambira tsiku lofika ku India, komanso masamba awiri opanda chidindo. Apa ndilankhule ndi a ku Makhanga, ku Bangula ndi m'midzi ya m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Madzi a mu Januwale 2015, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anatenga zambiri, ndipo mapepala amene anapulumuka ambiri ananyowa. Pasipoti yofufuma, ya chithunzi chosuluka, ingakubwezeni pakhomo ngakhale visa ili m'manja. Itulutseni m'chikwama lero muione, matenda asanafike. Tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo m'dziko lonse. Pasipoti siipezeka tsiku limene mwaifuna.

Tsopano za madobadoba. Kale tinkawapeza ataima kunja kwa maofesi. Lero asamukira pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo ena amanga masamba a pa intaneti okongola kuposa a boma, okhala ndi mbendera ndi zidindo. Mukalemba mawu akuti visa ya India pa Google, kawirikawiri amene amabwera pamwamba ndi olipira kuti aonekere. Ena amakupemphererani visa yeniyeni koma pamtengo wowirikiza. Ena amangotenga ndalama ndi chithunzi cha pasipoti yanu n'kuzimiririka. Tsamba la boma la India limathera ndi gov.in, monga la boma lathu limathera ndi gov.mw. Malipiro amachitika pa tsamba lomwelo ndi khadi la kubanki lololedwa kulipira kunja, choncho pitani kubanki kwanu msanga mukafunse ngati khadi lanu lili lotsegulidwa, popeza ndalama zakunja zikuvuta masiku ano. Munthu wokuuzani kuti tumizani ndalama ya visa pa nambala yake ya foni, ndipo akulonjeza kuti ituluka ndithu chifukwa amadziwana ndi akuluakulu, ameneyo muthaweni. Ndipo ndinene mosabisa: ngakhale atayamba uthenga wake ndi vesi. Akuba aphunzira chilankhulo chathu cha kutchalitchi.

Sindikuletsa kuthandizidwa. Agogo sangalimbane ndi fomu ya Chingerezi pa foni yong'ambika galasi, magetsi atathima. Koma wothandizayo alembe inu muli pomwepo, aike imelo yanu kapena ya mwana wanu, ndipo nambala ya pempho imene imatuluka muilembe m'kope. Yankho la visa limabwera pa imelo. Mukaika ya mnyamata wa pasitolo, ulendo wanu uli m'thumba mwake.

Chimene chikundilemera kwambiri mumtima si zilembo ayi, koma bodza. Pa Genesis 12 Abramu, atathawa njala, anafika pafupi ndi malire a Ejipito n'kupangana ndi Sarai kuti akanene kuti ndi mlongo wake. Linali bodza la pamalire, lobadwa ndi mantha, ndipo poyamba linaoneka ngati lapindula: analandira nkhosa ndi ng'ombe. Mathero ake anaperekezedwa kutuluka m'dzikomo, atadzudzulidwa ndi mfumu yosadziwa Mulungu. Mayesero omwewa ali pa fomu. Wina akuuzani kuti lembani kuti mukukacheza, visa ya odwala imachedwa. Wina akuti musaulule kuti anakukanizanipo. Wina akubwereketsani ndalama zoti zigone ku akaunti usiku umodzi kuti muoneke olemera. Mkhristu amene Lamulungu anaimirira kuvomereza chikhulupiriro, Lolemba akusayinira kuti zonse walembazo n'zoona, akudziwa kuti si zoona.

Ndipo bodzali silithandiza n'komwe. Visa ya odwala ya ku India ili ndi njira yakeyake: imafuna kalata ya chipatala cha kumeneko yolembedwa pa pepala la chipatalacho, ndipo imalola operekeza osapitirira awiri, aliyense ndi visa yake ya woperekeza wodwala. Wopita ndi visa ya alendo ocheza angathe kufika pachipatala n'kupeza kuti mapepala ake sakugwirizana ndi chimene wadzera. Kwa achinyamata athu ofuna ntchito nkhaniyi ndi yoopsa koposa. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa za amayi achimalawi amene ananyengedwa kupita ku Oman, n'kulandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo m'nyumba za anthu. Ambiri a iwo mapepala anawalembera ndi ena. Mwana wanu akati wapeza ntchito kunja, funsani kuti muone visa ndi maso anu, muwerenge dziko lolembedwapo ndi mtundu wake.

Palinso kukhalitsa kupyola masiku. Nehemiya anatchula nthawi, ndipo mutu 13 ukutiuza kuti anabwereradi kwa mfumu. Mu Ogasiti 2025 dziko la America linaika Malawi ndi Zambia poyambirira pa mayiko amene nzika zake zingafunsidwe chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 pofuna visa yokacheza kapena ya malonda, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anatchula chinali kuchuluka kwa okhalitsa. Mungatsutse chilungamo cha lamulolo, inenso ndili ndi maganizo anga. Koma taonani kuti wothawira kunja mmodzi amatsekera khomo abusa opita kumsonkhano, wophunzira, ndi mayi wofuna kukaona mdzukulu. Ife a Chipresibeteriya sitilandira mkhristu wosamuka popanda kalata ya sesoni yake, ndipo kalatayo imakhulupirika chifukwa amene anabwera nayo kale sanatichititse manyazi.

Zotsala n'zazing'ono koma zimagwetsa. Chithunzi chikhale chatsopano, nkhope yonse ikuoneka, kumbuyo koyera, osati chodulidwa pa chithunzi cha paukwati. Tsamba la pasipoti lijambulidwe lonse, lowala, popanda chala pakona. Boma la India limati pempho lifike masiku osachepera anayi ulendo usanachitike, koma wa ku Nsanje wodikira masiku anayiwo akusewera ndi moto, chifukwa netiweki ikhoza kuduka pakati pa malipiro. Ndalama ikachoka koma tsamba osasonyeza, musathamangire kulipiranso; dikirani maola angapo, muonenso ndi nambala yanu ija. Yankho likabwera, onetsetsani kuti palembedwa mawu akuti GRANTED, pakuti kalata yongovomereza kuti pempho lalandiridwa si visa. Sindikizani mapepala awiri, lina m'chikwama cha wodwala, lina kwa woperekeza. Ndege zambiri zochoka ku Chileka kapena ku Lilongwe zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, choncho funsani kuchipatala za katemera wa yellow fever, amene khadi lake limayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayireni. Muyende ndi pasipoti yomwe ija munapemphera visa, pamodzi ndi tikiti yobwerera ndi kalata ya chipatala, popeza wa pakhomo ku Delhi kapena ku Mumbai ali ndi mphamvu yofunsanso.

Loweruka likubwerali, ikatha kalasi ya ophunzira za ubatizo, ndidzakhala kuvesitile pamodzi ndi achinyamata awiri odziwa kompyuta. Aliyense amene ali ndi ulendo chaka chino abwere ndi pasipoti, chiphaso cha unzika ndi kalata iliyonse imene walandira, tidzaziike pamodzi tiwerenge. Sipadzakhala cholipira. A kutali, musatumize zithunzi za mapasipoti pagulu pano. Uzani mkulu wa mlaga wanu, iye andipeza. Pakali pano tili ndi mlongo wathu mmodzi amene akudikira yankho la visa kuti aperekeze mwana wake wodwala mtima. Mumukumbukire m'mapemphero a Lachitatu.