Kuvunduka ndi Kutumphuka kwa Nyanja

Mwezi wa Januwale, dzuwa likuswa mtengo, ndinaviika mapazi m'nyanja yamchere ku Camps Bay, mumzinda wa Cape Town. Ndinawatulutsa msangamsanga, pakuti madziwo anali ozizira ngati a m'firiji. Mphepo yochokera kummwera chakummawa inali itaomba masiku angapo. Pomwepo ndinakumbukira amalume anga, msodzi wa ku Mangochi, amene amati mwera umazunza asodzi koma ndiwo umadyetsa usipa.

Nkhani yake ili motere. Ndere zosaoneka ndi maso, zimene ndi chiyambi cha chakudya cha nsomba, zimamera pamwamba pomwe kuwala kumafika. Koma chonde chili pansi. Zamoyo zikafa zimamira n'kukawolera kumeneko, n'kusiya nayitireti ndi fosifeti, michere yomweyo timagula m'thumba la feteleza. Madzi ofunda, pokhala opepuka, amakhala pamwamba ngati chivundikiro, ndipo chondecho chimasowa potulukira.

Njira zochikwezera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya namondwe, mafunde, komanso kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, zimene zimasakaniza madzi apamwamba ndi apansi. Uku ndimakutcha kuvunduka. Yachiwiri ndi imene inandiziziritsa mapazi. Mphepo ikamaomba motsata gombe kulowera kumpoto, kuzungulira kwa dziko kumapatutsira madzi apamwamba kumanzere, kutali ndi mtunda. Madzi ozizira ochokera pakuya mamita pafupifupi 200 amakwera kudzatseka mpatawo. Izi zimachitika m'gombe lonse la mtsinje wa m'nyanja wa Benguela, makamaka pa Lüderitz ku Namibia, ndipo n'chifukwa chake gombe lachipulululo lili ndi nsomba zochuluka. Uku ndimakutcha kutumphuka, monga amachitira kasupe.

Nyanja yathu nayo imatumphuka. Pakati pa Meyi ndi Seputembala mwera umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo ozizira achonde amakwera kummwera, kwa amalume kuja.

Chondivuta n'chakuti tikamasulira mabuku a sayansi timathamangira kubwereka mawu, kapena kumangoti madzi avunduka pa zonse ziwiri. Komatu kwa mayi wotunga pachitsime, madzi ovunduka ndi oipa, oyenera kudikira kuti adikhe. Mwana wophunzira mawu amenewo angaganize kuti nyanja yodekha ndiyo yachonde, pamene ndiyo yanjala.

Inu a ku Nkhotakota, Likoma ndi Metangula, asodzi a kwanu amati chiyani madzi ozizira akakwera? Mwina mawu tikuwafunawa akhala ali m'bwato kuyambira kale.