Kulowa ZAF poganiza zodzachoka

Ife achinyamata a ku Roma ndi Ng'ombe tili ndi masamu athu pa nkhani youluka. Sukulu ya upayiloti ndi yodula, makolo ambiri sangakwanitse. Ndiye timauzana kuti: lowa Zambia Air Force, boma likuphunzitse, uyendetse helikopita zaka zingapo, kenako uvule yunifomu, uvale shati yoyera ya kampani ya ndeke. Masamuwa amamveka bwino tikamacheza pa kantemba, koma ali ndi zoboola.

Choyamba, helikopita ndi ndeke ya mapiko ndi nyama ziwiri zosiyana. Helikopita imaima pamalo amodzi m'mwamba, imatera pabwalo la mpira ngakhale m'munda. Ndeke imafuna msewu wautali wothamangirapo. Ziphaso zake nazo ndi zosiyana. Msilikali akatuluka ayenera kupeza layisensi ya Zambia Civil Aviation Authority, ndiye kuti mabuku ndi mayeso ayambiranso. Malamulo a ICAO amafuna maola 1,500 ouluka kuti munthu atenge layisensi ya ukaputeni wa ndeke zonyamula anthu ambiri, ndipo opereka layisensi ndi amene amagamula kuti pa maola a helikopita awerengepo angati. Choncho mkulu amene asilikali anali kumupatsa sawasha angadzapezeke pampando wa kudzanja lamanja, akumvera kaputeni wamng'ono kwa iye.

Chachiwiri, nkhani zambiri zimene timaona pa YouTube ndi za ku America. Kumeneko mapayiloti atachepa, makampani ngati Envoy Air anayamba kulipirira asilikali a helikopita maphunziro a ndeke za mapiko, ndipo lamulo lawo limalola wochokera ku usilikali kuyamba nchito ndi maola 750 chabe. Kuno kwathu mipando ndi yowerengeka. Pali Proflight, imene inayamba mu 1991, ndi Zambia Airways yatsopano, imene inayamba kuuluka mu Disembala 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Makolo athu amakumbukira kuti Zambia Airways yakale inatsekedwa mu 1994, ndipo ina yotchedwa Zambian Airways inaima mu 2009. Shati yoyera nayo imatha nchito.

Chachitatu ndiye chimatikhudza tonse. Maphunziro a payiloti wa ZAF amalipiridwa ndi misonkho, kuphatikizapo ya amayi ogulitsa tomato ku Soweto Market. Madzi akasefukira n'kudula milatho, kapena mapepala ovotera akafunika kufika kumene galimoto singapite, ndi helikopita imene imatumidwa. Waluso mmodzi akachoka, pamatenga zaka kuti wina afike pamene iye anali.

Sitikuweruza amene amachoka atatumikira nthawi yake. Ali ndi ana asukulu ndi achibale owadalira, ndipo ena amakapeza nchito ku Livingstone, kuulutsa alendo pamwamba pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, osasiya helikopita n'komwe. Mawu athu akupita kwa ife amene tikadali kudzaza mafomu. Tisanasaine, tifunse akuluakulu amene anapitamo: tidzatumikira zaka zingati, ndi maola ati amene adzawerengedwa kunja, ndipo ndani adzalipira layisensi inayo? Tikamva mayankho n'kuona kuti helikopitayo tikuifunabe, ngakhale shati yoyera itapanda kubwera, pamenepo tilowe.