Katchajidwe ndi komwe kumakalambitsa batire ya njinga

Abale a m'tauni mumafunsa ngati njinga yamagetsi ija ikuyendabe. Eya, ikundifikitsabe kumsika ndi dengu la tomato. Inu anzanga a m'mudzi muno amene mukufuna kugula yanu, tamverani.

Batire ya lithium iliyonse imachepa mphamvu zaka zikamapita, koma katchajidwe koipa ndi komwe kumaipha msanga. Ine sindidikira kuti moto utheretu mpaka njinga izime. Ikatsika kufika cha pa 20 peresenti ndimaitchaja, ikafika cha pa 80 ndimachotsa. Kudzaza mpaka 100 ndi pokhapokha mawa lake kuli ulendo wautali, osati kuisiya yodzaza sabata yonse ayi.

Mdani wake wina ndi kutentha. Ndikachokera kumsika ndi dzuwa la Okutobala lija, ndimaiika pamthunzi izizire kaye, kenako ndilumikize tchaja yomwe inabwera nayo, osati yobwereka. M'dzinja matope akachuluka njinga n'kukhala m'nyumba, batire ndimaisunga ili ndi moto wa theka.

Batire yatsopano si ndalama yamasewera, abale. Isamaleni, kuopa kudzakankha njinga pachitunda tomato akuphwanyikira m'dengu.