ZA ULENDO WA KU ITALY

Masiku ano si ansembe ndi asisitere okha amene amanka ku Ulaya. Alipo ana a m'midzi mwathu amene amapita kukaphunzira, ena kukaona abale, enanso kukapemphera pa manda a Atumwi ku Roma. Tsono taganiza zolemba pang'ono za dziko la Italy, kuti wonyamukayo adziwiretu, ndi kuti otsala pakhomo akhale ndi mawu oona omuuza pomutsanzika. Pakuti m'dziko limenelo mlendo amapunthwa pa tizinthu tating'ono, timene eni dziko adatizolowera chibadwire, kotero kuti saganiza n'komwe zomuchenjeza.

Munthu wa ku Malawi salowa m'Italy ndi pasipoti yokha ayi. Afunikanso viza, imene amaitcha ya Schengen, ndipo aipemphe kukali masabata angapo tsiku la ulendo lisanafike. Eni ake adzafuna kuona kumene akagone, tikiti yobwerera, ndi inshulansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Pasipoti nayo ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi 3 munthu atachokako. Viza ya mlendo ilola masiku osapitirira 90 mwa masiku 180 alionse, ndipo sipatsa munthu ufulu wolowa ntchito. Apa makolo mumvetsetse. Wina akadza pakhomo panu nati, mwanayu apite monga mlendo, ntchito tikamfunira komweko, mukane ndithu. Masiku a viza akatha mwanayo asanduka wobisala, woopa ngakhale kudandaula kwa apolisi pamene wina amdyera masuku pamutu. Ndipo akagwidwa angathe kubwezedwa ndi kuletsedwa kulowanso.

Ndalama ya kumeneko ndi yuro, imene idalowa m'manja mwa anthu m'chaka cha 2002 m'malo mwa lira. Kwacha sagulira kanthu kumeneko, choncho musinthiretu musananyamuke. Pasipoti muyende nayo nthawi zonse, pakuti lamulo litero, ndipo a nyumba zogona alendo adzaifuna kuti alembe dzina lanu. Koma muisunge m'kati mwa zovala, pamodzi ndi ndalama, chifukwa m'mabasi odzaza a mu Roma muli akuba a zala zopepuka zedi.

Ndege zambiri zitera pa Fiumicino, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda. Pamenepo pali sitima yotchedwa Leonardo Express, imene ifika pa siteshoni yaikulu ya Termini m'mphindi 32. Wofuna takisi akwere yoyera ya chizindikiro padenga, yoima pamzere wake, ndipo asamvere munthu womnong'oneza pakhomo kuti ali ndi galimoto lotsika mtengo.

Tsopano tinene za chinthu chimene chalipitsa alendo ambiri osalakwa mumtima. Kwathu munthu akagula tikiti, yatha nkhani. Ku Italy kugula ndi theka chabe. Tikiti ya pepala ya basi, imene amagulitsa m'timasitolo ta fodya tolembedwa chilembo chachikulu cha T, iyenera kulowetsedwa m'kamakina ka m'basimo kuti kadindepo nthawi. Ikadindidwa, mu Roma igwira ntchito mphindi 100. Chimodzimodzi tikiti ya pepala ya sitima zoima m'masiteshoni aang'ono: muidinde pa kamakina ka pasiteshoni musanakwere. Woyang'anira akakupezani ndi tikiti yosadinda akuwerengani ngati munthu wopanda tikiti, nakulipitsani chindapusa choposa mtengo wake kambirimbiri. Kunena kuti ndine mlendo, sindinadziwe, kawirikawiri sikuthandiza. Safunsa adadya phula: onani zimene achita anzanu a paulendo, ndipo mukakayika onetsani tikitiyo kwa wantchito musanakhale pansi. Sitima zothamanga, zonga zija zifika ku Firenze m'ola limodzi ndi theka, zili ndi tikiti yolembedwa kale tsiku ndi mpando, ndipo yotere siifuna kudinda.

Magalimoto kumeneko ayenda kudzanja lamanja. Poloka msewu yambani kuyang'ana kumanzere, ngakhale khosi lanu lidazolowera kwina.

Nyengo zawo ndi zosemphana ndi zathu. Pamene ife tiotha moto mu June ndi July, iwo apsa ndi dzuwa. Pamene ife tipalira chimanga mu December ndi January, kwawo kuzizira koopsa, ndipo kuda nthawi ya 5 koloko madzulo. Wopita miyezi imeneyo atenge jekete lochindikala ndi nsapato zotseka. M'nyengo yozizirayo wotchi yawo itsalira ola limodzi pambuyo pa yathu, koma m'nyengo yotentha zilingana. Mwezi wa August, makamaka pafupi ndi tsiku la 15, eni masitolo ambiri atseka nanka kunyanja kukapuma.

Za madzi tiyamikira mzinda wa Roma. M'misewu muli mipopi yachitsulo yoposa 2,000, yoyamba idaikidwa m'chaka cha 1874, ndipo madzi ake atuluka usana ndi usiku, ozizira, abwino kumwa, aulere. Eni ake aitcha nasoni, ndiko kuti mphuno zazikulu, chifukwa cha kupindika kwa mpopiwo. Mukatseka kukamwa kwake ndi chala, madzi atumphukira m'mwamba pa kabowo, ndipo mumwa wopanda chikho. Chakudya cha m'mawa n'chochepa, khofi ndi kabuledi basi. Cha madzulo chichedwa mpaka cha m'ma 8 koloko. M'nyumba zodyera zambiri za m'dzikomo awonjezera kandalama ka pa mpando, kotchedwa coperto, ndipo khofi womwa choimirira atsika mtengo kuposa womwa mutakhala. Wopukwa nsima afunse polenta, phala lolimba la chimanga limene adya makamaka kumpoto. Silifika pa nsima ya ufa woyera, komabe litonthoza m'mimba.

M'tchalitchi lalikulu la Petro Woyera alowa mosalipira, koma mzere wa pachipata utalika, ndipo alonda abweza aliyense wosaphimba mapewa ndi mawondo, mwamuna kapena mkazi. Amayi atenge chitenje m'chikwama, chidzawathandiza. Lachitatu, Papa akakhala mumzinda, aonana ndi alendo. Matikiti ake ndi aulere, kotero wokugulitsani pamsewu akuberani. Lamulungu masana, pa pemphero la Mngelo wa Ambuye, tikiti siifunika konse.

Pakagwa ngozi, matenda kapena kuba, imbani nambala 112, imene siilipitsa pa foni iliyonse. Muilembe pa kapepala pamodzi ndi dzina la msewu wa kumene mugona, chifukwa munthu wodzidzimuka aiwala ndi Chingerezi chomwe.