Ginnery Corner: pomwe ntchito, sukulu ndi thukuta zimakumana

Aliyense amene anakwerapo minibasi kuchoka ku Limbe kupita m'tauni ya Blantyre amapadziwa pa Ginnery Corner. Kwa ambiri ndi siteji chabe: kondakitala amenya chitseko, mayi atsika ndi basiketi ya chakudya cha wodwala, galimoto n'kupitirira. Dzinali limachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza malo opunthira thonje, koma lero thonje simungalione. Chimene chimapunthidwa pano masiku ano ndi mitu ya anthu. Pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe tonse timangoti ku Queens. Pali Malawi College of Accountancy. Cha ku Chichiri kuli MUBAS, yomwe mpaka 2021 inali Polytechnic ya University of Malawi, ndipo mukatsata msewu wa Mahatma Gandhi mupeza sukulu ya madokotala yomwe tsopano ili pansi pa KUHeS.

Masana malowa ndi a odwala, owadikirira ndi ana a sukulu ongochoka kumene ku sekondale. Koma ikangokwana 5 koloko madzulo pamabwera mtundu wina wa anthu. Mungawazindikire ndi zovala: malaya a ku ofesi opindika kumsana chifukwa cha mpando, tayi yomasula, chikwama cha laputopu cholemera mbali imodzi. Ena ndi a kubanki, ena aphunzitsi, ena ogulitsa m'mashopu. Ana awo akudikira kunyumba, koma iwo akupita kukakhala pa desiki. Ine ndili m'gulu lomweli. Digiri ndili nayo, ndipo masana ndimalemba nkhani ndi zotsatsa malonda pa kampani ina m'tauni. Katatu pa sabata ndimalowa kalasi yamadzulo ya zamalonda, chifukwa zotsatsa ntchito zambiri zimene ndimaona zimafuna pepala lina pamwamba pa digiri.

Vuto la moyo woterewu si ulesi, koma masamu. Tsiku ndi limodzi, koma olifuna ndi atatu. Ntchito siingachepetsedwe chifukwa ndi imene imalipira lendi ndi fizi. Sukulu siingadumphidwe chifukwa ukalephera phunziro, ndalama yobwereza imachoka m'thumba lomwelo. Ndiye amene amaluza nthawi zonse ndi wachitatu, thupi, poti ilo silitumiza imelo yokumbutsa. Umakhala maola asanu ndi atatu pa kompyuta, n'kukakhala m'minibasi, n'kukakhalanso maola ena m'kalasi. Msana umayamba kulankhula, buluku kapena siketi ya chaka chatha imayamba kukana, ndipo masitepe a nsanjika ziwiri amakusiya ukupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

Anzanga ena anayesa jimu. Malo ochitira mafizo alipo mumzinda muno, ena abwino ndithu, koma amafuna zinthu ziwiri zimene wophunzira madzulo alibe: ndalama ya pamwezi ndi ola lopanda mwini. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndaona anthu akulipira jimu mu Januwale, pofika Malichi khadi ili m'chikwama ngati chiphaso cha ubatizo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda mwachangu kumawerengedwa. Gawani 150 ndi masiku asanu a ntchito, mupeza mphindi 30. Kuchoka ku ofesi kwathu cha ku Victoria Avenue kukafika pa Ginnery Corner wapansi, ine zimanditengera pafupifupi theka la ola. Nthawi yomweyo ndi imene ndinkataya ndili m'minibasi, kudikira kuti idzaze, kenako n'kumakwawa pa mzere wa magalimoto a anthu oweruka. Ola la mafizo lija ndinkalisowa linali mumsewu momwemo.

Ulendo wanga umayamba ndi kusintha nsapato. Za mu ofesi zimalowa m'chikwama, zamasewera zakaunjika zimatuluka. Ndimatsika ndi Haile Selassie Road, kudutsa ogulitsa mayunitsi, ma chaja ndi nthochi, mpaka pa raundabauti ya Clock Tower pomwe msewu wa ku Chileka umapatukira. Apa ndi pomwe Masauko Chipembere Highway imayambira, msewu umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe, matauni awiri amene anaphatikizidwa mu 1956. Chakumunsi kuli mtsinje wa Mudi, ndipo m'chilimwe mphuno ndi imene imayamba kuudziwa maso asanauone. Ukangoudutsa, msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono. M'galimoto chitundachi sichioneka, koma miyendo imachiwerenga bwinobwino. Kumanzere phiri la Ndirande limakuperekeza, ndipo dzuwa likamapendeka miyala yake imafiira ngati njerwa zamuuvuni.

Oyenda pansi mumsewuwu ndi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo sayenda chifukwa cha WHO ayi. Alonda akupita kukalowa usiku, amayi akubwerera kwawo ndi madengu opanda kanthu, anyamata a maganyu akuwerenga zimene apeza. Kwa iwo kuyenda ndi kupulumutsa ya transipoti, ndipo liwiro lawo simungalifike. Ndikamayenda nawo ndimakumbukira kuti chimene ine ndikuchitcha mafizo, kwa mnzanga ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Ndalama ya minibasi imene ndimapulumutsa nanenso siitayika: imapita ku bandulo ndi kufotokopa manotsi.

Msewuwu uli ndi nyengo zake, ndipo wofuna kuuyenda aziudziwa. Mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kochokera cha ku Mozambique, ndipo mdima umagwa 6 koloko isanakwane. Juzi ndi ambulera sizichoka m'chikwama. Mu Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jakaranda imachita maluwa, tauni n'kukongola, koma kutentha kwake umafika m'kalasi malaya atamatirira. Botolo la madzi, kansalu kopukutira ndi malaya ena opepuka zimateteza ulemu wako ndi mphuno za woyandikana naye. Mvula yeniyeni ikayamba cha mu Novembala kapena Disembala, masiku ena palibe kuchitira mwina, umakwera minibasi basi. Tsiku limodzi lophonya silipha sabata.

Mayeso aakulu a wolimbitsa thupi ali pa Ginnery Corner penipeni. Umafika ndi njala, ndipo fungo la chipisi cha pachiwaya limakulonjera usanaone chiwayacho. Pali zigege, mandasi, soseji. Sindinganame, Lachisanu chipisi ndimadya. Koma masiku ena ndimagula chimanga chootcha, mtedza kapena nthochi, chifukwa ndinaona kuti mafuta ambiri amandigonetsa mphunzitsi asanamalize mutu woyamba. Ndinaonanso kuti ndikafika wapansi mutu umakhala utatsitsa za ku ofesi. Bwana, kasitomala wovuta ndi nkhani yosatha ija zimatsalira cha ku Mudi, m'kalasi ndimalowa ndekha.

Tikamatuluka, cha m'ma 8 koloko, malowa amakhala asinthanso. Ogulitsa ambiri apita, atsala a kabaza a njinga zamoto ndi magetsi a ku Queens. Apa mafizo amathera pomwepo. Usiku sindiyenda wapansi ndi laputopu kumsana, ndipo foni imakhala m'thumba. Timadikirana atatu kapena anayi olowera mbali imodzi, wa ku Chitawira, wa ku Nkolokosa, ife a ku Zingwangwa. Gulu lomweli ndi limene timatumizirana manotsi wina akatsekeredwa pa msonkhano ku ntchito. M'kalasi mwathu muli mayi wina wa ana atatu amene amadzuka 4 koloko kuti awerenge ana asanadzuke. Anandiuza kuti iwo mafizo awo ndi kuchapa ndi kutunga madzi mipopi ikauma, ndipo palibe amene anawatsutsa.

Loweruka m'mamawa, ngati kulibe kalasi yobweza, ndimapita ndi anzanga kuphiri la Soche. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya Soche imapitirira mamita 1,500. Njira imadutsa pakati pa nyumba zimene zakwera phiri chaka ndi chaka, kenako minda ndi zitsa za mitengo imene inapita ku nkhuni ndi makala. Pamwamba pali miyala ikuluikulu, ndipo kawirikawiri mumapeza magulu a mapemphero akuimba. Ukakhala pamenepo mzinda wonse umaoneka ngati wayalidwa pa mphasa: Kamuzu Stadium, Ndirande, Michiru, ndipo kukayera bwino, Mulanje chapatali. Msewu umene umandipumitsa wefuwefu mkati mwa sabata umaoneka ngati ulusi. Ena amakonda Njira ya Mtanda ya ku Chilomoni, ena amathamanga msewu wa ku Chikwawa. Zonsezi n'zaulere, chofunika ndi kupita pagulu.

Pali mtengo wake, tisabisane. Zinkhoswe zina ndi ma bridal shower ndimangotumiza envulopu. Mpira wa Loweruka masana ndimaumvera pa wailesi buku lili pamwendo. Magetsi akazima ndimawerenga ndi tochi ya foni mpaka batire itadandaula. Mayeso akayandikira, Soche amayamba wadikira, chifukwa phiri silisamuka koma tsiku la mayeso silibwerera. Chimene ndimayesetsa kusagulitsa ndi tulo. Madokotala amati munthu wamkulu azigona maola osachepera asanu ndi awiri, ndipo ndikawadula kwambiri, ntchito, sukulu ndi miyendo zimalipira zonse pamodzi.

Mwina inu muli ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Zomba, ndipo Ginnery Corner yanu ili ndi dzina lina. Mwina mtunda wanu ndi wautali moti simungaumalize wapansi. Tsikani masiteji awiri musanafike, muyende kotsalako. Yesani sabata imodzi, muone nthawi pa foni, muwerenge ndalama imene yatsala. Satifiketi tikuithamangirayi idzafuna munthu woinyamula, wa msana wowongoka ndi mtima wogunda bwino. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wake umayamba ndi nsapato zoyenera m'chikwama mawa m'mawa.