Makina a AI ndi mlendo, tiwalembere malamulo a pakhomo

Anthu akamakamba za makina a AI, ambiri amafunsa kuti kodi makinawa amadziwa zingati. Ine nkhawa yanga ili pena: ndani amawauza mmene ife timachitira zinthu kwathu kuno? Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo makinawa ndi akuthwadi polemba ndi powerengetsa. Koma mlendo, ngakhale akhale wophunzira chotani, sadziwa pamene mumasunga mchere mpaka mutamuonetsa.

Ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde kuno ku Nkhunga, kufupi ndi Dwangwa. Tilipo 25. Ambiri amachita geni ya usipa, wouma ndi wofutsa, ena ndi alimi a mpunga ndi nzimbe. Nditayamba kugwiritsa ntchito AI pafoni polemba lipoti la pamwezi, ndinkachita kufotokoza zonse mwatsopano nthawi iliyonse: sheya ndi chiyani, chiwongoladzanja ndi chingati, thumba la zadzidzidzi limayenda bwanji. Mwezi wotsatira ndimayambiranso, bando nkumatha.

Opanga makinawa adaliona vutoli. Mu Okutobala 2025 kampani ya Anthropic idatulutsa njira yotchedwa Agent Skills. Munthu amalemba malangizo a ntchito imodzi m'fayilo yotchedwa SKILL.md. Pamwamba amaika dzina la ntchitoyo ndi mawu ochepa onena nthawi yoyenera kuigwiritsa ntchito, m'munsi amandandalika zochita. Makina amayamba aona dzina ndi mawu ochepawo, ndipo amatsegula malangizo onse pokhapokha ntchito yake ikafika. Kulemba kamodzi, kugwiritsa ntchito kambirimbiri. Chomwe chidandikopa n'chakuti malangizowo amalembedwa m'mawu wamba, osati m'chinenero cha akatswiri a makompyuta.

Ine ndidangobwereka nzeruyo. Ndidalemba tsamba limodzi, nkulisunga m'foni, ndipo ndimaliika koyambirira ndisanapereke manambala a mwezi. Lili ndi mfundo ngati izi: sheya imodzi ndi K1,000. Wobwereka K50,000 abweze K60,000 pakutha kwa mwezi. Ndalama za thumba la zadzidzidzi zisasakanizidwe ndi masheya. Pogawana mu Disembala, ndalama zonse zigawidwe ndi chiwerengero cha masheya onse. Ndidaikamonso chitsanzo: m'bokosi mukakhala K1,800,000 ndipo masheya ali 1,200, sheya imodzi yakwera kufika K1,500, choncho wa masheya 50 alandire K75,000. Mfundo yomaliza ndiyo ndimaikonda kwambiri: nambala ikasowa, usaganizire, funsa.

Koma phindu lalikulu silidachokere kumakina. Lidabwera pamene ndinkalemba tsambalo. Nditafika pa chindapusa cha wochedwa kubweza ngongole, ndidapeza kuti malamulo athu olembedwa akunena china, zochita zathu zikunena china. Membala akaferedwa sitimulipiritsa, koma palibe paliponse pamene tidalemba zimenezi. Mwera ukakuntha masabata awiri mu Juni kapena Julayi, asodzi osalowa m'madzi, amayi ausipa amasowa choyanika pathandala, ndipo timawamvera chisoni. Koma chisonicho chimafikira ndani? Kawirikawiri amene ali ndi pakamwa, kapena amene ali pachibale ndi akomiti. Wofatsa amangolipira mwakachetechete.

Munthu ungamuuze kuti "tiona tikafika pomwepo", iye nkumvetsa. Makina safuna zoterozo, amafuna lamulo lomveka. Choncho ndidapita nayo nkhaniyi kumsonkhano. Tidakangana masana onse. Mayi wina wachikulire adandifunsa kuti, "Alembi, kodi tsopano tizilamulidwa ndi foni?" Ndidayankha kuti, "Ayi mayi, foni izimvera zomwe inu mugwirizane lero." Tidamanga mfundo ziwiri: woferedwa apatsidwe mwezi wina popanda chindapusa, ndipo nthawi ya mwera komanso pamene boma latseka nyanja mu Novembala, aliyense wa geni ya nsomba awonjezeredwe masabata awiri. Aliyense, osati okhawo odziwa kudandaula.

Nzeru yotereyi si yachilendo m'dziko muno. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayambitsa Ulangizi, AI yoyankha alimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mayankho ake amachokera m'buku la malangizo a ulimi la Unduna wa Zamalimidwe. Mphamvu yake yagona poti alangizi adakhala pansi kale nkulemba zomwe amadziwa. Pamene palibe cholembedwa, makina amatola za kwina, nkukuyankha ngati uli ku London.

Ndiye taganizirani nzeru zomwe zili m'mitu mwa anthu m'mbali mwa nyanja muno. Siginala wa chilimira amadziwa poima ndi nyale ndi nthawi yoitana mabwato. Mayi wofutsa usipa amadziwa nthawi youtsitsa pamoto kuti usaphwanyike. Mlembi wa komiti ya padoko amadziwa kagawidwe ka ndalama pakati pa mwini zida ndi alovi. Anthu oterewa akamwalira, kapena akakwera basi ya ku Johannesburg, amanyamula zonse. Sikuti zonsezo zingalowe papepala, poti zina zimaphunziridwa ndi manja. Koma zowerengetsa, zogawana ndi zoweruzira milandu zingathe kulembedwa, ndipo izi ndi zomwe zimapasula magulu.

Kwa alembi anzanga, nawa malangizo ochepa. Lembani ntchito imodzi patsamba limodzi. Gwiritsani mawu omwe mumayankhula pamsonkhano, ndipo tanthauzirani lililonse. Ikanimo chitsanzo cha manambala chomwe mwachiwerengetsa nokha, kuti muziyeserapo ngati makina akulondola. Musaikemo mayina kapena manambala a foni a mamembala. Ine ndimalemba "membala 7", dzina limatsala m'kaundula. Ndipo msungichuma aziwerenganso ndalama pamaso pa onse, chifukwa makina amalakwitsa molimba mtima.

Tsamba lathu tidalikoperanso m'kaundula wa gulu ndi bolopeni. Foni ikatayika kapena netiweki ikavuta, mlembi wobwera pambuyo panga adzatsegula tsambalo nkugawa ndalama za Disembala popanda kufunsa kuti a uje ankachita bwanji.

Mlembi wa banki m'khonde,
Nkhunga, Nkhotakota