Mabwana a gofu, bwerani ku Milepa mudzaphunzire!

Kwathu ku Milepa kulibe bwalo la gofu. Kapinga amene alipo ndi wa pabwalo la mpira wa miyendo, nayenso mbuzi sizimupatsa mpata. Ndiye ndikudziwa kuti ena mwa inu awerengi mwayamba kale kuseka: mtolankhani wopanda ofesi, wochokera kumudzi ku Chiradzulu, angatiuze chiyani za masewera a mabwana? Sekani, koma mundimvere kaye. Nkhani yanga ndi ya kamphindi kamodzi kokha, pamene ndodo ikukumana ndi kampira, ndi m'mene mkono ndi dzanja ziyenera kukhalira pa kamphindi kameneko. Ndipo ndikunenetsa pano kuti munthu amene amazidziwa bwino zimenezi kuposa mabwana ambiri a m'tauni, panopa akulima nandolo ku Milepa.

Munthuyo ndi atsibweni anga. Iwowa ananyamula zikwama za gofu mumzinda kwa zaka zoposa 20, ntchito imene eni masewerawa amaitcha caddie. Gofu anabwera kuno ndi atsamunda. Blantyre Sports Club inayamba mu 1896, ndipo mabwalo ena ali ku Limbe, Zomba, Mulanje, Thyolo ndi ku Lilongwe komwe kuli la maenje 18. Kulikonseko, wosewera akamayenda manja ali m'thumba, kumbuyo kwake kumakhala mwana wa kumudzi atasenza chikwama cha ndodo mpaka 14. Ife a ku Chiradzulu minda ndi yochepa ndipo Limbe ali pakhomo, ndiye anyamata athu akhala akulowera konko kukasaka ya sopo. Atsibweni anabwerako ndi zinthu zitatu: msana wopweteka, ndodo imodzi ya chitsulo ya nambala 7 imene anawasiyira mzungu wina pobwerera kwawo, ndi maso akuthwa. Masowo anaona madokotala, maloya ndi mamanijala osawerengeka akumenya kampira, ena bwino, ambiri zamanyazi.

Tiyambe ndi zomwe anayeza a sayansi. Ndodo ndi kampira zimakhudzana kwa nthawi yochepa zedi. Mutatenga sekondi imodzi n'kuigawa magawo 2,000, gawo limodzi lokhalo ndiye nthawi yake. Pamene dzanja likumva kuti lamenya, kampira kali kale m'malere. Palibe chokonza pamenepo. Zonse zimene munthu amachita, kaimidwe, kukweza ndodo, kupotoza chiuno, ndi ulendo wongokafika pa kamphindi kameneko manja ali pamalo pake.

Nanga pamalo pakepo ndi pati? Kwa munthu wa dzanja lamanja, mbali ya kumanzere ndiyo imayang'ana kumene kampira kakupita. Pomenya, mkono wamanzere ndi ndodo zimakhala ngati mtengo umodzi kuchokera paphewa kutsikira pansi. Manja amakhala patsogolo pang'ono pa kampira, moyang'anizana ndi ntchafu yamanzere, mutu wa ndodo ukubwera m'mbuyo. Mfundo ya dzanja lamanzere, paja timamangapo wotchi, imakhala yoongoka bwino, yosapindikira kumbuyo. Kwa akatswiri ena imachita kutukuka pang'ono kuloza kutsogolo. Mfundo ya dzanja lamanja imakhala idakali yopindikira kumbuyo ngati ya munthu amene akukankha chitseko ndi chikhatho, chigongono chiri pafupi ndi chiuno. Thupi limakhala litalemerera pa mwendo wamanzere. Mikono yonse iwiri imadzaongoka kampira katapita kale.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nkhope ya ndodo anaipanga yopendekeka kale, ndipo kupendekekako ndi kumene kumakweza kampira. Koma wophunzira sakhulupirira chitsulo. Akaona kampira kali pansi, mtima umamuuza kuti akatape ngati mayi akutapa ufa m'lichero. Ndiye amathyola mfundo ya dzanja lamanzere, mutu wa ndodo n'kupitirira manja nthawi isanakwane. Zotsatira zake? Ndodo imafika pansi isanafike pa kampira, n'kukumba dothi, kampira n'kungodumpha ngati chule. Kapena imakapeza ikukwera kale, n'kukamenya pamutu, kampira n'kumathamanga pansi ngati mbewa. Akachita mwayi n'kukamenya pakati, kamakwera kumwamba kwambiri koma osapita patali. Komanso mfundoyo ikapindikira kumbuyo, nkhope ya ndodo imatseguka kuyang'ana kumanja, ndipo kampira kamakhotera komweko, kutchire.

Womenya bwino ndi ndodo ya chitsulo amakapeza kampira ndodo ikutsika, kenaka n'kudula kachibuma ka kapinga kutsogolo kwa pomwe kanali. Ndodo yaitali ija ya driver yokha ndiyo yosiyana, poti kampira kamakhala pakamtengo ndipo amakamenya ndodo itasiya kutsika, koma nayonso mfundo yamanzere siithyoka. Atsibweni amati iwo sankataya nthawi kuyang'ana kumwamba.

"Mphwanga, ine ndinkayang'ana pansi," amatero. "Bala la pakapinga likayambira kumbuyo kwa kampira, ndinkadziwiratu kuti lero bwana atiyendetsa m'zitsamba mpaka dzuwa kulowa, ndipo kangachepe sikatuluka."

Tsono chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi: m'mudzi muno tiri nazo kale zida ziwiri zophunzitsira nkhani yonseyi. Choyamba ndi chikwakwa. Aliyense amene anapatsidwako chibalo kusukulu akudziwa m'mene timatchetchera: dzanja limangokupiza, chitsulo n'kupitirira dzanja kuti udzu uuluke. Pa udzu ndi zabwino, pa gofu ndi tsoka. Chachiwiri ndi nkhwangwa. A zankhalango musandikwiyire, ndikunena bulugamu wodzala tokha. Muyang'aneni bambo akamagwetsa mtengo. Mpini ndi umene umatsogola, chitsulo chimatsalira m'mbuyo mpaka pomaliza penipeni, chiuno chatembenuka kale, ndipo pamene nkhwangwa ikulowa mumtengo dzanja siligwedera. Akathyola mfundo msanga, nkhwangwa imanjanja, mphamvu yonse n'kuthera m'zigongono. Palibe anamuphunzitsa ndi buku. Mtengo womwewo ndi umene unamulanga mpaka anadziwa. Atsibweni amazinena mwachidule: gofu ndi nkhwangwa, mabwana ambiri amasewera chikwakwa.

Musaganize kuti ndi nzeru za pabwalo la bawo chabe. Ben Hogan wa ku America, amene anapambana mipikisano ikuluikulu 9, anayamba ngati wonyamula zikwama ali ndi zaka 11 ku Fort Worth, m'chigawo cha Texas. M'buku lake la Five Lessons la mu 1957, iye anatsindika za mfundo ya dzanja lamanzere yomweyi, kuti pomenya izikhala yotukuka kuloza kumene kampira kakupita. Kufupi kuno ku Durban kunali Papwa Sewgolum, mmwenye wosauka amene nayenso anali caddie. Iyeyu ankagwira ndodo chozondoka, dzanja lamanzere pansi pa lamanja, moti aphunzitsi akanamuona akanagwira pakamwa. Koma pa kamphindi kaja nkhope ya ndodo inkafika yolunjika. Anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, komanso Natal Open mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwu atagonjetsa Gary Player weniweniyo. Malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu, moti ulendo wina analandirira chikho panja mvula ikumuvumba. Kampira sikafunsa khungu, sikafunsa setifiketi. Kamangomvera m'mene ndodo yafikira.

Nkhaniyi yandikhudza chifukwa cha msuweni wanga, mwana wa atsibweni omwewa. Mnyamatayu sukulu analekezera Fomu 2, fizi itavuta, ndipo anatsata mapazi a bambo ake. Pano akunyamula zikwama pa kalabu ina imene sinditchula dzina. Ndalama yake ndi ya tsiku: bwana akabwera, nsima ilipo, mvula ikagwa, agona ndi njala. Koma ali ndi mkono. Kalabu yakeyo ikukonza mpikisano wa ma caddie, ndipo iye akuti akachita bwino mwina wina amuona. Dziko lino liri nawo akatswiri odya za gofu monga Paul Chidale, ndiye si maloto a chumba ayi.

Vuto lake linali lomwe lija la chikwakwa. Poti wakula akuonera mabwana otapa ufa, nayenso anatengera. Atabwera kumudzi kudzathandiza kukolola, bambo ake anangomuona kawiri akumenya, basi sukulu inatsegulidwa kuseri kwa nkhokwe, ine ndiri mboni.

Phunziro loyamba linali la mzere. Anapita naye pamchenga kudambo, poti panthaka youma gwa ndodo ikamenya pansi imapweteka mfundo za manja. Analemba mzere ndi chala n'kumuuza kuti azimenya popanda kampira, bala lirilonse liziyambira pamzere kupita kutsogolo. Masiku awiri oyamba mabala onse anali kumbuyo. Phunziro lachiwiri linali la thumba. Anatenga thumba la feteleza, kulidzaza nsanza ndi makoko a chimanga, n'kumuuza kuti alimenye pang'onopang'ono ndipo ndodo ikagunda aime chiriri, adziyang'ane. Manja ali patsogolo? Mkono wamanzere ndi ndodo zapanga mtengo umodzi? Phunziro lachitatu linali la supuni. Anailowetsa pansi pa lamba wa wotchi, kunsana kwa dzanja lamanzere, kuti akangothyola mfundo, supuniyo imubaye. Inamubaya ndithu, mpaka anaphunzira ulemu.

Timipira tenitenito tinalipo tiwiri tokha, totola kutchire, ndiye ankamenya zitsononkho. Sankaloledwa kukweza ndodo kupitirira m'chiuno. Mnyamata anayamba kunyinyirika kuti iye akufuna zomenya patali.

"Iwe, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero atsibweni. "Ukalephera kumenya bwino ndodo iri m'chiuno, ukaikweza paphewa ungowonjezera liwiro la zolakwika zomwezo. Ndipo usafinye mpini ngati ukupha nkhuku. Zala zigwire, mikono ikhale yomasuka, chiuno chitsogole. Chiuno chikaima, manja amaba ntchito."

Mawu omalizawa ndi amene ine ndinawalemba m'kope. Munthu sangaumitse mfundo ya dzanja mwa dala n'kuganiza kuti watha. Mfundo imathyoka chifukwa thupi laima panjira, kapena latsalira pa mwendo wamanja, ndiye manja amayesa kupulumutsa zinthu okha. Thupi likapitiriza kutembenuka, manja amafika patsogolo mosakakamiza.

Patatha sabata ziwiri anatulutsa kampira kenikeni. Kulira kwake kunasintha. Kale kunkamveka phuu, ngati wamenya pilo. Tsopano kunamveka thwa! Kampira kananyamuka motsika, kenaka n'kukwera, kukagwera kuseri kwa munda wa chinangwa wa aneba. Ana onse a m'mudzi anathamangira kukasaka. Atsibweni sanaombe m'manja. Anangopita kukayang'ana bala pamchenga, n'kugwedeza mutu.

Chimene chinandiwawa ndi zomwe msuweniyo anatiuza usiku womwewo. Akuti tsiku lina bwana wina atakumba dothi katatu motsatizana, iye anayesa kumunong'oneza kuti manja akutsalira m'mbuyo. Yankho lake? "Iwe ntchito yako ndi chikwama." Zoona, abale? Munthu wagula ndodo za ndalama zoti zikanalipirira mnyamatayu fizi mpaka Fomu 4, akulephera kuzigwiritsa ntchito, ndipo mankhwala ali kumbuyo kwake atasenza katundu, koma kunyada. Wakutsina khutu ndi mnansi, bwana. Atsibweni akuti iwo anameza mawu otere kwa zaka zonse zija, n'chifukwa chake nzeru zawo anabwera nazo kumudzi zosatsegula.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu a makalabu, apatseni anyamatawa nthawi yokwanira yosewera pabwalo, osangoti mpikisano umodzi wojambulitsa zithunzi. Inu a makampani amene mumathira ndalama m'mipikisano ya mabwana anzanu, patulaniko kangachepe ka ma caddie. Inu amene muli ndi ndodo zakale zikuchita dzimbiri m'galaja, zitulutseni. Ndipo akuluakulu onga atsibweni anga, amene anabalalika m'midzi ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje misana itatha, aitaneni adzaphunzitse ana, muwalipire. Maso awo ayamba kuchita chifunga, ndipo akapita, apita nazo.

Msuweni wabwerera kutauni ndi ndodo ya nambala 7 ija, bambo ake amupatsa. Kaya apambana kaya ayi, tidzakuuzani m'nyuzi momwe muno. Koma inu bwana amene mwatopa ndi kukumba kapinga wa eni, minibasi za ku Milepa zimakwereredwa ku Limbe. Mubwere ndi wotchi, supuni tikubwerekani.